Funsani Amisiri: Timababu tanga tikungoti ng'ani kamodzi basi nkufa

Makalata a mwezi uno ambiri akuzungulira kanthu kamodzi komweko, kachipangizo kotchedwa diode, ngakhale eni ake sakudziwa, wina akudandaula za tochi wina za sola wina za minibasi, nde ndangowamanga mtolo umodzi. Ena ndawadula pang'ono, anali aatali ngati ulaliki wa pa Khirisimasi.

FUNSO: Amisiri, ine ndi mnyamata wa fomu 3 kuno ku Mponela. Kwathu kulibe magetsi koma tili ndi batire la galimoto lomwe bambo amamverera wailesi. Ndinagumula tochi yakale nkuchotsamo timababu tija ta LED kuti ndipange nyali yowerengera usiku, koma nditalumikiza koyamba ku batire kanangoti ng'ani kamodzi nkuzima, nkumanunkha pulasitiki yopsa. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu sikanayake nkomwe. Tatsala tisanu ndipo ndikuopa kutimaliza. Ndikulakwitsa pati?

YANKHO: Mphwanga, choyamba siya kaye tisanu totsalato, usatikhudzitse ku batire mpaka umalize kuwerenga. Chachiwiri usadzione ngati mbuli, palibe mmisiri wa mawailesi amene sanawotcheko LED, ineyo ndinawotcha tambiri ndisanamvetse chomwe chikuchitika.

LED si babu ngati aja akale a kawaya kofiira mkati. LED ndi diode, ndipo diode ndi kachipangizo kolola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha, kubwerera ayi. Ngati unaonapo mono wogwirira nsomba nde ndi zomwezo, nsomba ikulowa bwinobwino koma pofuna kutuluka njira palibe. Kapena valavu ya chubu cha njinga, mpweya ukapopa ukulowa koma sutulukira pomwepo. Nde kachitatu kaja komwe sikanayake nkomwe, ndikukayikira kuti unakalumikiza chozondoka. Tayang'ana miyendo yake, wautali umapita ku pulasi, waufupi ku mayinasi. Ngati miyendo inadulidwa kale poti unachita kugumula mu tochi, yang'ana m'mphepete mwa kagalasiko, mbali imodzi ndi yophwatalala ngati anaisema ndi mpeni, imeneyo ndiye ya ku mayinasi. Koma dziwa kuti LED sipirira magetsi obwera chakumbuyo ngati mmene ma diode ena amachitira, tambiri timalembedwa mavoti 5 okha, nde mavoti 12 mwina anakapweteka mwina kanapulumuka. Kayese ndi kabatire kaja kophwatalala ngati ndalama ya chitsulo, ka mavoti 3, kolembedwa CR2032, ungopanikiza kabatireko pakati pa miyendo iwiriyo, kakapanda kuyaka utembenuze. Kakakana mbali zonse ziwiri ndiye kapita.

Tsopano tiwiri tomwe tinapsa, apa mpomwe pagona nkhani. Mkati mwa diode muli kachidutswa kakang'ono kwambiri ka zinthu zomwe sizili ngati waya wa kopa komanso sizili ngati labala, zili pakatikati. Mu diode wamba kachidutswako ndi ka silicon, yemwe amachokera ku mchenga. Mbali imodzi amathiramo pang'ono phosphorus kuti ma electron achuluke, mbali inayo amathiramo boron kuti mukhale timaenje tosowa ma electron. Pomwe mbali ziwirizi zakumana pamapangika ngati kamzere ka m'munda koti ma electron adumphe kaye. Ukakankha chakumbuyo kamzereko kamangokulirakulira, palibe chodutsa. Ukakankha mbali yoyenera ndi mphamvu yokwanira, pa silicon ndi mavoti 0.6 kapena 0.7, amayamba kudumpha nkumagwera m'timaenje tija. Mu LED kusiyana kwake nkoti kachidutswako si ka silicon, ndi ka zinthu zina zoti electron iliyonse ikagwera m'dzenje mphamvu yake imatuluka ngati kuwala. Kamzere kake nkakatali kuposa ka silicon, LED yofiira imafuna pafupifupi mavoti 2, yoyera ndi ya buluu pafupifupi mavoti 3 kapena kupitirira pang'ono.

Vuto ndi loti kamzereko kakangodumphidwa, LED ilibe mabuleki. Babu lakale lija waya wake ukatentha umayamba wokha kukaniza magetsi, umadziletsa. LED ndi yadyera, ili ngati mbuzi yolowa m'nkhokwe, imadya mpaka kuphulika mimba. Ukangowonjezera pang'ono mavoti pamwamba pa atatu aja magetsi odutsamo amakwera moopsa, ndipo ikamatentha mpamenenso imakoka ambiri. Kababu kakang'ono ngati kako kamafuna 20 mA basi, kutanthauza ma amp 0.02, pomwe batire la galimoto limatha kupereka ma amp mazanamazana polizira injini. Nde iwe unakapatsa mavoti 12 popanda chokaletsa, kanadya zonse mu kamphindi kosakwana kuphethira. Kuwala kuja unakuona kunali kutsanzika.

Chomwe ukufuna ndi resistor, kaja kooneka ngati kanyerere konenepa ka mizeremizere ya mitundu, kali mbwee mu wailesi iliyonse yakufa. Ntchito yake nkudya mavoti otsala. Masamu ake ndi a Ohm omwe aja mukuphunzira ku Physics, utenge mavoti a batire, uchotsepo omwe LED ikufuna, otsalawo ugawe ndi ma amp 0.02 aja. Batire lodzadza limakhala pa 12.6 koma likamachajidwa limafika cha m'ma 14.4, nde ine ndimawerengera pa 14.4 kuti ndisadzalire tsiku lina. 14.4 kuchotsa 3.2 kutsala 11.2, kugawa ndi 0.02 ikubwera 560 ohms. Mizere yake ndi girini, buluu, bulauni. Ukasowa imeneyo ya 1000 ohms imagwiranso, bulauni, yakuda, yofiira, kungoti kuwala kuchepako. Resistor ilibe kutsogolo kapena kumbuyo, uyiike mwendo uliwonse wa LED bola magetsi adutse mwa iyo kaye.

Koma poti uli ndi tisanu, kuyatsa kamodzikamodzi nkuwononga batire la bambo, chifukwa mavoti 11 onse aja akungosanduka kutentha mu resistor. Lumikiza titatu mondondozana, mwendo waufupi wa koyamba ku mwendo wautali wa kachiwiri, choncho choncho, titatu tidya mavoti 9.6 ndipo resistor yake ikhale 220 ohms, yofiira, yofiira, bulauni. Magetsi omwewo a kababu kamodzi ayatsa titatu. Ndi mmenenso amapangira malamba aja a LED a mavoti 12 omwe amakongoletsera ma shopu ndi ma minibasi, ukawayang'anitsitsa uona timababu titatu ndi resistor imodzi kenako kamzere kodulira, titatu tina resistor ina. Tiwiri totsalato tipange mzere wawo ndi resistor ya 390 kapena 470. Chomwe usachite nkumanga tonse tisanu miyendo pamodzi ngati mtolo wa nkhuni pa resistor imodzi, timababuti sitifanana ndendende, kamodzi kamadya kuposa tinzake nkuyamba kufa, kenako totsalato tigawana chakudya cha malemuyo nkumatsatira kamodzikamodzi.

Mwina ufunsa kuti nanga mu tochi muja bwanji munalibe resistor. Nthawi zambiri imakhalamo koma yaing'ono ngati njere ya therere, sunaione chabe. Matochi ena otchipa saikamo dala, amadalira kufooka kwa mabatire ang'onoang'ono aja, nchifukwa chake pakatha miyezi ingapo umaona timababu tina tikuphethira tina tafa.

Ndipo mphwanga, batire la galimoto si choseweretsa, mawaya awiri akagundana amafiira nkuyatsa udzu wa denga. Ika fyuzi ya 1 amp pa waya wa pulasi pafupi ndi batire. Komanso uwapemphe kaye bambo.

FUNSO: Zikomo amisiri. Ndine mayi wa ana atatu ku Ndirande. Babu la LED la kuchipinda kwa ana tikazimitsa silizimiratu, limakhala likuwala pang'onopang'ono usiku wonse ngati chiphaniphani, ana akuopa akuti muli mfiti. Komanso mababu amenewa pa katoni amalemba kuti akhala zaka koma kwathu miyezi ingapo basi lafa. Akutibera kapena?

YANKHO: Mayi, auzeni anawo agone, mfiti sizilipira mayunitsi. Babu likamawala masekondi ochepa mutazimitsa nkuzima, palibe vuto, ndi kapasita ya mkati, kachipangizo kosunga magetsi kwa kanthawi, ikumaliza zomwe inasunga. Koma usiku wonse ndiye kuti pali timagetsi tochepa tomwe tikudontherabe. Mababu akale sankaonetsa zimenezi poti waya wawo umafuna magetsi ambiri kuti ufiire, pomwe LED olo mutaipatsa tochepetsetsa imayamba kunyezimira. Kudonthako kumachokera ku switchi zija zokhala ndi kagetsi kofiira, kapena mawaya ataliatali oyenda limodzi mu paipi imodzi, kapena, ndipo ichi nchomwe chikundidetsa nkhawa, amene anakokera mawaya m'nyumbamo anaika switchi pa waya wa neutral m'malo mwa live. Zikatero mukazimitsa babu limazima koma pa holder magetsi a mavoti 230 amakhala alipobe, tsiku lina wina posintha babu adzagwira ali ndi chikhulupiriro choti wazimitsa. Musatsegule nokha, itanani wamagetsi wa mapepala ake ayeze, ndi ntchito ya mphindi zochepa.

Za kufa msangazo, kunena zoona pa msika pali mababu abwino ndi achinyengo ndipo katoni sinena. Chomwe chimapha LED ndi kutentha. Anthu amaganiza kuti LED sitentha poti galasi lake limagwirika, koma tagwirani kumunsi kwake litayaka ola limodzi. Opanga otchipa amachepetsa timababu mkati nkumatikakamiza kudya mopitirira kuti liwale kwambiri pa shopu, komanso amachepetsa kachitsulo ka aluminiyamu kochotsa kutentha. Mukaliikanso mu chigoba chotsekeka chopanda mpweya ndiye mwalimaliza. Mkatimo timababu timakhala mondondozana ngati mikanda pa ulusi umodzi, kamodzi kakaduka tonse zii, mukatsegula mupeza kamodzi kali ndi kadontho kakuda pakati. Nthawi zina timababu tonse ndi tamoyo koma chafa ndi kabolodi ka kumunsi komwe kamasintha magetsi a pa khoma. Magetsi a ESCOM amapita uku ndi uku maulendo 50 pa sekondi, pomwe LED imafuna oyenda mbali imodzi, nde pakabolodipo pamakhala ma diode anayi olumikizidwa mwanzeru kuti magetsi abwere chakuno kapena chauko onse atulukire khomo limodzi. Zomwezo zili mu chaja ya foni yanu, mu TV, mu wailesi. Anyamata okonza mumsika amalumpha kababu kakufako ndi sodala babu nkuyakanso, zimatheka ndithu ndipo sindikuwanyoza, koma pa mababu ena totsalato timayamba kudya mopitirira nde silikhalitsa. Ndipo inu nokha musayese, kapasita ija imasunga mavoti opitirira 300 olo mutalichotsa kale pa holder.

Komabe musabwerere ku mababu akale. LED ya mawati 9 imawala ngati lakale la mawati 60. Maola 5 pa tsiku kwa mwezi, lakale lidya mayunitsi 9, LED sifika olo yuniti imodzi ndi theka. Ine pogula ndimalinyamula kaye m'manja, lopepuka ngati chigoba cha dzira ndimalisiya.

FUNSO: Bambo amisiri, ndili ndi sola ya mawati 50 yomwe ndinalumikiza molunjika ku batire popanda kabokosi kalikonse. Masana batire limadzadza koma m'mawa ndimapeza lafooka ngakhale sitinayatse kanthu. Mnzanga akuti sola imayamwanso moto usiku, ndiike diode. Nzoona? Ndine mlimi kuno ku Ngabu.

YANKHO: Achimwene, mnzanuyo sakunama koma wakuuzani theka. Sola nayonso mkati mwake ndi ma diode a silicon aakuluakulu ophwatalala, dzuwa likawomba amatulutsa magetsi, kukada amatha kumabweza pang'ono kuchokera ku batire. Diode yoika pa waya wa pulasi imatseka njira yobwererayo, kamzere koyera kapena kasiliva komwe kali mbali imodzi ya diode kaloze ku batire. Musatenge kaja kakang'ono kolembedwa 1N4007 komwe kali paliponse, kamapirira 1 amp yokha pomwe sola yanu dzuwa la ku Ngabu likakwiya imatulutsa pafupifupi ma amp atatu, kangotentha nkupsa. Funani yaikulu ya ma amp 6 kapena 10. Ndipo musanamizike ndi ma diode omwe mungawapeze mukatsegula kabokosi kakuda kuseri kwa sola, nthawi zambiri amenewo ntchito yawo ndi ina, amapereka njira yolambalala mbali ya sola ikaphimbidwa ndi mthunzi kapena tsamba, satseka zobwerera usiku.

Koma ine sindikukhulupirira kuti kubwerera kokhako kungafoole batire usiku umodzi, nkochepa. Ndikuganiza kuti batire lanulo latha kale, ndipo chalipha ndi masana osati usiku. Sola yomwe timaitcha ya mavoti 12 imatulutsa cha m'ma 18, ikakhala yosalumikiza imadutsa 20. Popanda choiletsa imangokankhabe batire litadzadza kale, madzi a mkati amawira nkuphwa, mapuleti nkuwonongeka, nde limaoneka ngati ladzadza msanga koma silisunga kanthu, ngati ndowa yobooka. Diode singathetse zimenezo. Gulani controller, olo yaing'ono ya ma amp 10, imatseka zobwerera usiku, imaletsa kudzadzitsa komanso imadula batire lisanatheretu. Mtengo wake sufika pa mtengo wa batire latsopano. Tsegulaninso tizivindikiro muone ngati madzi akuphimba mapuleti, akachepa muwonjezere madzi a batire ogula aja, osati a pa mjigo.

FUNSO: Rimoti ya TV yasiya, mabatire ndasintha. Ndidziwa bwanji kuti yafa ndi rimoti kapena TV? Wowerenga wa ku Chipata.

YANKHO: Kutsogolo kwa rimoti kuli LED nakonso, kungoti kuwala kwake ndi infrared, maso athu sakuona. Tsegulani kamera ya foni, lozetsani rimoti ku kamerayo nkudina batani, ikakhala yamoyo muona kakuwala kotuwira chakupepo kakuphethira. Mafoni ena odula kamera ya kumbuyo imasefa kuwalako nde yesani ya selfie. Kakaphethira vuto lili ku TV. Kakapanda, tsegulani rimoti mupukute dzimbiri pa tizitsulo ta mabatire ndi litsiro pansi pa mabatani, nthawi zambiri ndi zomwezo basi.

FUNSO: Amisiri ine ndimayendetsa minibasi ya Lilongwe kupita ku Mchinji. Batire ndi latsopano koma galimoto ikagona masiku awiri sikulira, mpaka kukankha. Makaniko akuti ndi ma diode a alternator. Sakufuna kungondidyera ndalama ameneyu?

YANKHO: Adalaivala, pamenepa makaniko wanu akhoza kukhala kuti akunena zoona. Alternator imapanga magetsi opita uku ndi uku, ndipo mkati mwake muli mbale ya ma diode, kawirikawiri asanu ndi imodzi, yomwe imawawongola kuti alowe mu batire. Imodzi ikabooka nkuyamba kulola mbali zonse, injini ikazima batire limakhuthukira mu alternator usiku wonse. Yesani izi musanalipire, madzulo injini itazima chotsani kaye waya wa mayinasi pa batire, kenako mumasule waya waukulu wa kuseri kwa alternator nkuukulunga bwino ndi tepi, mubwezeretse wa mayinasi uja. Ikagona masiku awiri nkulira bwinobwino ndiye wakuba wapezeka, mubwezeretse wayayo musanayende. Wina wokhala ndi mita akhoza kuyeza diode iliyonse, yabwino imaonetsa mavoti cha m'ma 0.5 mbali imodzi, mukatembenuza mawaya osaonetsa kanthu. Mbaleyo imagulitsidwa payokha, si nthawi zonse mpofunika alternator yonse. Ndipo kachizolowezi kaja kochotsa waya wa batire injini ikulira pofuna kuona ngati ikuchaja, kapena kujampitsa mawaya mozondoka pa depoti mothamanga, nkomwe kamapha ma diode amenewa.

FUNSO: Ndinatsegula babu la LED lakufa ndipo timababu ta mkati ndi tachikasu, koma likayaka limawala moyera. Zimatheka bwanji? Mtsikana wa fomu 4, Zomba.

YANKHO: Chemwali, funso lako landisangalatsa kuposa onse, kungoti usamatsegule mababu ongochotsedwa kumene, werenga zomwe ndawauza mayi a ku Ndirande. Chinsinsi nchoti LED yoyera kulibe. Pansi pa chikasucho pali LED ya buluu, ndipo chikasucho ndi phosphor, phala lomwe limamwa gawo la kuwala kwa buluu nkukutulutsa kuli kwachikasu. Buluu wotsala akasakanikirana ndi chikasu maso athu amati nzoyera. Akasintha kasakanizidwe ka phalalo mpomwe pamabwera mababu aja owala mofiirira ngati nyali ya palafini, ena oyera mbee ngati a m'chipatala.

Mtundu wa LED umadalira kutalika kwa kamzere komwe ndamufotokozera mnyamata wa ku Mponela, electron ikagwa kuchokera patali kuwala kumapita chakubuluu, ikagwa pafupi kumakhala kofiira. Munthu woyamba kuona kamwala kakuwala ndi magetsi anali H. J. Round ku England mu 1907, ndipo Oleg Losev wa ku Russia anazifufuza kwambiri m'ma 1920 koma palibe anazitengera. LED yofiira yooneka ndi maso anaipanga Nick Holonyak ku kampani ya General Electric ku America mu 1962, ndipo kwa zaka pafupifupi 30 ntchito ya LED inali yongoonetsa kuti wailesi yayaka kapena kulemba manambala pa wotchi, poti panali yofiira, yachikasu ndi yagirini koma ya buluu yowala bwino inkakanika. Chovuta chinali gallium nitride, chinthu chopangira kachidutswa ka LED ya buluu, aliyense ankadziwa kuti kamzere kake nkokwanira koma kuipanga yosalala bwino komanso kupanga mbali ija ya timaenje zinkakana, makampani akuluakulu ambiri mpaka anaisiya. Isamu Akasaki ndi wophunzira wake Hiroshi Amano ku Nagoya anakakamirabe mpaka zinatheka chakumapeto kwa ma 1980, ndipo Shuji Nakamura yemwe ankagwira ntchito ku kampani ya Nichia, yomwe nthawi imeneyo inali yaing'ono, anatulutsa ya buluu yowala kwambiri mu 1993. Atatuwa analandira Nobel ya Physics mu 2014. Ukafuna kudzionera wekha, tenga kamodzi mwa timababu tamoyo m'babu lakolo upale chikasucho pang'onopang'ono ndi singano osafika pa tiwaya ta mkati, kenako ukayatse ndi kabatire ka mavoti 3 kaja, tina timafuna mavoti ochulukirapo nde kakakana yesa ka mu tochi. Kakayaka uona buluu akutulukira pomwe wapalapo.